Duku la Amayi M'mwezi wa Mizukwa

Mwezi wa Okutobala ukamatha, msewu wathu kuno ku Balga, dera lina la mzinda wa Perth kutsidya kwa nyanja, umasanduka manda. Sindikuphiphiritsa ayi. Anthu amagula ziliza zapulasitiki m'sitolo n'kuzizika pakapinga, pomwe ana awo amasewerera mpira. Ena amapachika mafupa a munthu pageti, athunthu, chigaza chikuseka. Ena amayala ulusi wa akangaude pamaluwa amene akhala akuwathirira chaka chonse. M'mitengo mumalendewera mizukwa ya nsalu zoyera, mileme ndi akadzidzi a maso ofiira. Kwathu kadzidzi akatera padenga nyumba yonse sigona tulo, koma kuno munthu amanyamuka yekha kukamugula, n'kufunsanso ngati alipo wokulirapo. Amati ndi Halowini.

Zambiri zimakhala za mitundu iwiri, wakuda ndi wa olenji. Maungu akuluakulu amachokera kumsika wa ku Canning Vale, okhwima bwino, oti banja lonse n'kukhuta, koma eni ake amawaboola maso ndi mano n'kuwasiya pakhonde mpaka awole. Chaka choyamba ndinkaima n'kumawayang'ana mtima ukuwawa. Paja amati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, koma kuno ngakhale nthangazo amataya m'bini. Chondiseketsa n'chakuti mwambowu ndi wa kumaiko kumene nthawi imeneyi mitengo imayoyola masamba, kunja kukuzizira n'kumada msanga. Ku Perth kuno ndi nthawi ya maluwa. Ndiye amagula masamba ouma apulasitiki n'kuwamwaza pansi pa jakaranda amene wangophuka kumene, ndipo mizukwa yawo imaothera dzuwa mpaka madzulo.

Zaka zoyambirira ndinkadana nazo poyera. Ndinkati ufiti ndi ufiti basi, kaya ukwere lichero, kaya ukwere tsache utavala chipewa chosongoka. Kenako ndinangozolowera, monga timazolowerera galu wa aneba. Koma amayi anga atamwalira, mwezi umenewu unayamba kundipweteka mwa mtundu wina. Sindikuti amayi anga ndi mzukwa, Mulungu andikhululukire. Ndikungoti akufa anali mbwee msewu wonse, koma munthu mmodzi amene ine ndinkafuna kumuona sankabwera.

Amayi anamwalira chaka cha mliri uja, malire atatsekedwa. Ine ndine namwino, ndimagwira ntchito kuchipatala china cha ku Joondalup. Ndasambitsa mitembo ya anthu osawadziwa yosawerengeka, ndatseka maso a amayi a eni, koma amayi anga ndinawaika m'manda pafoni. Mkulu wanga ndi amene anagwira foniyo pamwambo wonse. Chithunzi chinkangoduka. Ndinaona bokosi, ndinaona amayi a mpingo atandanda mu yunifolomu zawo, maduku oyera, mabulauzi oyera, masiketi akuda, akuimba. Pamene ankatsitsa bokosi chithunzi chinaima, ndipo chitabwerera anali atayamba kale kukwirira. Mawa lake ndinadzuka n'kupita kuntchito.

Kwathu munthu akamwalira zovala zake zimachapidwa zonse, kenako n'kugawidwa kwa abale. Sizivalidwa kapena kusungidwa zisanachapidwe. Akuluakulu amati thukuta la malemu likatsala m'chovala, mwini wake sapuma, amabwerera kudzafuna chake. Amayi anawaika atavala yunifolomu yatsopano, koma yakale inatsala pamsomali kuseri kwa chitseko, pomwe anaikoleka okha atabwera kumsonkhano wa Lachinayi womaliza. Ochapa aja sanaione. Mkulu wanga anaipeza patapita masiku, n'kundisungira bulauzi ndi duku. Malire atatsegulidwa anapatsira mayi wina wa kumpingo kwathu amene ankabwerera kuno, pamodzi ndi uthenga wakuti ndikachape ndisanasunge.

Ndinatsegula phukusilo kukhitchini, beseni ndi sopo zili kale pambali. Fungo lawo linandimenya. Utsi wa nkhuni, mafuta odzola, ndi kathukuta ka m'khosi ka munthu woyenda pansi padzuwa. Anali amayi enieni, ngati angodutsa kupita kuchipinda. Madzi aja ndinataya. Bulauzi ndi duku ndinazipinda n'kuziika m'jumbo yotseka ndi zipi, jumboyo m'jumbo inanso, n'kukankhira pamwamba pa wodilopu, kuseri kwa mabulangete. Kamodzi pamwezi, ndikakhala ndekha, ndinkatsegula pang'ono chabe, n'kununkhiza, n'kutsekanso msanga ngati munthu woopa kuti mchere utha.

"Unachapa zija?" mkulu wanga anandifunsa pafoni.

"Kalekale, achemwali."

Bodza limenelo ndinalinena zaka zitatu, ndipo silinandivute pakamwa. Mkulu wanga ankalota amayi pafupipafupi. Tsiku lina anandiuza kuti wawalota akufunafuna kuseri kwa chitseko, akudandaula kuti achedwa kumsonkhano, duku sakuliona.

"Iwe, zoona unachapa?"

"Ndati ndinachapa. Mukufuna ndilumbire?"

Nditadula foni ndinapsa mtima, ndipo ndinapsera mtima amayi. Duku lili kwa ine, iwo akukalifuna ku Lilongwe. Mng'ono wanga anawalota, msuweni wathu anawalota, ngakhale mayi wogulitsa tomato pamsewu wa kwathu akuti anawalota. Ine ayi, ngakhale kamodzi. Ndinkadziwa chifukwa chake, kapena ndinkaganiza kuti ndikuchidziwa. Mwana amene sanabwere kudzaponya dothi m'manda a mayi wake, angamuyendere ndani? Ndiye zovalazo ndinkazisunga pazifukwa ziwiri. Choyamba, fungo limenelo n'lokhalo limene linanditsalira la amayi amoyo, poti zina zonse zinali zithunzi. Chachiwiri n'chochititsa manyazi kwa mkazi wopemphera: ndinkazisunga ngati nyambo. Ndinkati ngati akulifuna duku lawo, awoloke nyanja adzatenge okha, ndiwaone.

Za zovalazi palibe amene ndinamuuza. Amuna anga amagwira ntchito kumigodi, masabata awiri kumeneko, sabata imodzi kunyumba, ndipo pamwamba pa wodilopu sayang'anako. Mwana wathu ndi mmodzi, wamkazi. Anabwera kuno ali ndi zaka zitatu, ndipo nthawi imene ndikunenayi anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Chichewa amamva chonse, ngakhale chimene sukufuna kuti amve, koma amayankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Agogo ake ankawadziwira pafoni basi. Nayenso sindinamuuze za zovalazo, poti kwathu ana sauzidwa za maliro. Ifenso sitinkauzidwa, tinkangoona zinthu zikuchitika n'kudziwa tokha malo oyenera kuwalambalala. Ndinaiwala kuti mwana wokulira ku Balga alibe poonera.

Chaka chimenecho ndinali nditamulola kukayenda ndi anzake tsiku la Halowini. Ndinakana zaka zambiri, koma kukana kumatopetsa, makamaka ukakhala wekha pakhomo. Ndinamupatsa malamulo awiri, asavale nyanga ndipo abwere dzuwa lisanalowe. Za chimene adzavale sindinafunse. Ndinkaganiza kuti agula chipewa cha mfiti ngati anzake onse.

Tsikulo ndinali pa shifiti ya m'mawa. Kuwodi anali atapachika timaungu tamapepala, ndipo anamwino anzanga ena anavala makutu a mphaka. Cha m'ma leveni gogo wina wachizungu anamwalira m'manja mwanga, ana ake ali m'njira. Ndinamusambitsa, ndinamupesa tsitsi, kenako ndinatuluka n'kupeza anzanga akugawana keke yooneka ngati chigaza. Sindikuwadzudzula, ntchito yathu ndi yotero. Ndikungofotokoza mutu umene ndinakwera nawo sitima, kenako basi, mpaka kutsika pasiteji yathu cha m'ma faivi, dzuwa likuswabe mtengo.

Kuchokera pasiteji kufika kwathu ndi kamtunda pang'ono. Ana anali atayamba kale kuyenda ndi tizidebe tawo ta maswiti. Ndinadutsana ndi kamwana kovala mafupa, kamfiti kokwera njinga, ndi bambo wina wonenepa atavala chinsalu chakuda, mano apulasitiki ali pakamwa, akukankha ngolo ya khanda. Ndinkayenda nditazolika, mapazi akuwawa. Nditakhota kulowa mumsewu wathu ndinakweza maso.

Kutsogolo kwanga, pansi pa mitengo ya jakaranda, kunali mayi akuyenda. Duku loyera lomangidwa mfundo kumbuyo, nsonga imodzi italendewera kumanzere. Bulauzi yoyera ya manja aatali. Siketi yakuda. Ankayenda mofulumira, mapewa ali patsogolo, dzanja lamanja likuponyedwa kwambiri kuposa lamanzere, kuyenda kwa munthu wochedwa kumsonkhano. Pachigongono cha bulauziyo panali chigamba chaching'ono cha makona atatu. Chigamba chimenecho ndinkachidziwa, ndinachisisita ndi chala kambirimbiri.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaopa, koma sindinaope. Ndinasangalala. Chimwemwe chinandikwera kuchokera m'mimba ngati cha mwana amene waona mayi ake akutsika basi. Ndinati mumtima, abwera, sanandikwiyire mpaka kalekale. Sindinadzifunse kuti wakufa angayende bwanji masana mumsewu wa phula, pakati pa mabini a zinyalala. Mutu wa unamwino unazima wonse. Ndinayamba kuthamanga, chikwama chikundimenya m'nthiti, ndipo nditatsala mapazi ochepa ndinachita chimene ndinkachita moyo wanga wonse ndikafika pamaso pawo. Ndinagwada, pasimenti yotentha, pamaluwa ogwa a jakaranda, ndili mu yunifolomu ya kuntchito.

"Amayi," ndinatero. "Amayi, ndine. Ndinalephera kubwera."

Anaima, n'kutembenuka. Nkhope inali yopakidwa zoyera ngati phulusa, maso atazunguliridwa ndi zakuda, milomo yakuda. Kuchokera pakamwa mpaka pachifuwa panali magazi, ofiira piriwiri, atayenderera pabulauzi mpaka pabatani lachitatu.

"Mum? What are you doing?"

Paja amati walira mvula walira matope. Ndinakhala chogwada pamenepo, ndikuyang'ana mwana wanga, ndipo kwa kanthawi ndinkaona anthu awiri m'thupi limodzi, onse akufa. Pakona panali atsikana awiri, anzake amene ankamudikira, wina atavala mapiko. Anayamba kuseka poganiza kuti ndi sewero limene tinapangana. Mayi woyandikana nafe nyumba, amene anali pageti pake ndi chipewa chosongoka ndi mbale ya maswiti, anaomba m'manja.

Mmene ndinadzukira sindikukumbuka. Ndikukumbuka dzanja langa likuzula duku kumutu kwake, mwamphamvu mpaka mutu unapendekeka. Ndikukumbukanso mawu anga, ndipo sindiwalemba onse pano. Ndinamutcha mfiti. Ndinamufunsa ngati wabadwa kwa munthu kapena kwa fisi. Ndinalankhula Chichewa chimene ndinali ndisanachilankhulepo kuno, cha kumudzi kwenikweni, ndipo anamva liwu lililonse. Atsikana aja anasiya kuseka. Mayi wa chipewa anabwerera m'nyumba ndi mbale yake. Mwana wanga anayenda patsogolo panga kubwerera kunyumba, misozi ikulemba mizere pa zoyera zija.

Tili m'nyumba ndinamuuza kuti avule. Anavula n'kundipatsa. Anati ankafuna bulangete la pamwamba kuti apange mzukwa, n'kupeza jumboyo. Ankaganiza kuti ndi yunifolomu yanga yakale ya kusukulu ya unamwino, yoti ndinaiiwala, ndiye anati avale ngati namwino wakufa. Siketi inali yake ya kusukulu. Duku anamanga mmene amandionera ndikumanga pophika.

"Izi ndi za agogo ako," ndinatero. "Anavala izi sabata imene anamwalira."

Anayang'ana bulauzi ija m'manja mwanga.

"You never told me. Simunandiuze, Mum."

"Zinali zako kuti ndikuuze?"

Anapita kuchipinda kwake n'kutseka chitseko. Yankho langa linali lopusa, ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo. Mlandu unali wanga, koma mtima ukatentha sufuna kumva zimenezo. Ana ankagogoda pakhomo kufuna maswiti, ine osatsegula. Ndinakhala patebulo ndi bulauzi ija. Magaziwo anali a m'botolo, onanda ngati manyuchi, onunkhira shuga. Pakolala panali utoto woyera wa kunkhope, m'khwapa munali perefyumu wa mwana wanga. Ndinanunkhiza paliponse ngati galu, mtima uli m'mwamba. Kumbuyo kwa khosi, pamene kolala imapindikira, ndinawapeza amayi. Analipo, pang'ono, kuseri kwa shuga ndi utoto. M'kati mwa duku analiponso. Ndinathokoza Mulungu mokweza, ine yemwe ndinali nditangotukwana mwana wanga pamsewu.

Ndinaganiza zoti ndisachape. Magazi abodzawo akhale, ndidzapinda mwakuti asamaoneke. Kuona chovala cha kumpingo cha amayi chili chotero kunkandinyansa, komabe ndinasankha magazi kusiyana n'kutaya fungo. Poti zinali zonyowa, sindinazibwezere m'jumbo. Ndinaziyanika pampando kuchipinda kwanga kuti ziume kaye.

Mawa lake linali Loweruka, koma ine ndinali pantchito. Ndinachoka mwana akugona. Ndinaima pachitseko chake, dzanja lili m'mwamba kuti ndigogode, koma ndinaopa kuphonya basi, kapena ndinene kuti ndinaopa nkhope yake. Tsiku lonse kuwodi chithunzi chija sichinandichoke. Ndikatseka maso ndinkaona msana uja ukuyenda pansi pa mitengo, ndipo chimwemwe chija chinkabweranso, chathunthu, kenako nkhope n'kutembenuka. Mpaka lero zimandichitikira. Chimene chimandisautsa kwambiri si nkhope yopakidwayo ayi, koma kayendedwe. Mwana wanga sanawaonepo agogo ake akuyenda kuyambira pamene anayamba kuzindikira, pafoni ankangowaona atakhala pampando. Nanga dzanja lamanja lija analitenga kuti? Ndakhala naye zaka zonsezi, ndipo ndinali ndisanaonepo kuti amayenda choncho. Ndamuyang'anitsitsa kuchokera tsikulo, ndipo nthawi zina ndimaona ngati amatero, nthawi zina ayi.

Pobwerera ndinamugulira mabanzi amene amawakonda. Kupepesa mwana ndi pakamwa sitinaphunzitsidwe, timapepesa ndi chakudya. Ndinakonza ndi mawu omwe m'basi. Ndinati ndimukhazika pansi, ndimuuza za agogo ake, za msomali wa kuseri kwa chitseko, ndipo ndimulola anunkhize kumbuyo kwa kolala kuti awadziwe.

M'nyumba munali zii, mbale zotsukidwa, pansi pokolopedwa. Ndinalowa kuchipinda kwanga n'kupeza pampando palibe kanthu. Ndinatulukira khomo la kuseri.

Zinali pachingwe. Bulauzi atayanika bwinobwino ndi mapegi anayi, duku pambali pake, zonse zoyera mbee, kuyera kumene sizinayerepo ngakhale amayi ali moyo. Dontho lofiira panalibe ngakhale limodzi. Pansi panali beseni, burashi, ndi botolo la mankhwala oyeretsera zovala, litatsala theka. Mwana wanga anali ataima pafupi ndi mpanda. Zala zake zinali zotuwa, zamakwinya, pena zitasupuka. Anandiuza pambuyo pake kuti anachapa kanayi, koyamba pamanja, kenako m'makina, kenako pamanjanso kawiri, chifukwa kufiirako kunkakana.

Ndinayenda mpaka pachingwe. Ndinagwira kolala n'kuipindula, n'kuika mphuno kumbuyo kwa khosi. Munali fungo la mandimu a m'sopo ndi la mankhwala aja. Ndinayesa m'khwapa, ndinayesa pachigamba, ndinayesa m'kati mwa duku, mbali zonse ziwiri. Amayi munalibe.

Mkwiyo wa dzulo lake unabweranso, ndipo mawu anali okonzeka kale palilime. Ndinatembenuka. Mwanayo ankandiyang'ana ngati munthu wodikira chigamulo, manja osupukawo atawabisa kumbuyo. Kenako analankhula, m'Chichewa, pang'onopang'ono, mawu amene ankaoneka kuti wakhala akuwayeserera tsiku lonse.

"Pepani, amayi. Ndachapa zovala za agogo. Zayera?"

Aka kanali koyamba kunditchula kuti amayi kuchokera pamene anayamba sukulu. Sankadziwa chimene wachotsa, ndipo ndinaona kuti ndikamuuza adzachisenza moyo wake wonse, monga ine ndasenzera ulendo umene sindinapite. Ndinameza mawu aja. Anali owawa, ndipo anatsika movuta.

"Zayera, mwanawe. Wachita bwino."

Mapewa ake anatsika. Ndinamudzoza mafuta m'manja, chala chimodzichimodzi, kenako ndinamutuma kusitolo kukagula mkaka, ngakhale mkaka unalimo m'firiji. Ndinadikira mpaka geti litatsekeka ndi mapazi ake atazimirira. Pamenepo ndinakhala pansi padothi, pansi pa chingwe, miyendo nditatambasula, n'kulira maliro a amayi anga mokweza, mowaitana, mmene timalirira kwathu. Kuseri kwa mpanda aneba anali kalikiliki kutsitsa mizukwa yawo m'mitengo ndi kuzula ziliza. Anandimva, poti phokoso la makwerero linaima kwa kanthawi. Kenako linayambiranso, ndipo palibe amene anabwera kudzakhala nane pansi.